Kwathu Kubaya Ndi Kupha

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Dzina langa ndine Fanuwelo Manda, kwathu ndi kunyanja konkuno, mbali ya ku Kande. Otsogolera msonkhano uno andipempha kuti ndilankhule Chichewa chifukwa pakati pathu pali alendo ochokera ku Dedza, ku Mulanje ndi kwina. Mukamva lilime langa likupotokera ku Chitonga mundikhululukire, ndi chimene tinayamwa. Amafuna kundipatsa wondimasulira, ine ndakana. Ndakhala zaka zambiri ndikunena mawu a anthu ena, ndiye lero ndikati ine, ndikunena ine mwiniwakene.

Ndikudziwa kuti muno muli ena amene mtima ukuwawa, ndipo amene anakupwetekani si achikunja ayi, ndi a mumpingo momwemo. Mwakhala kumbuyoko, mwapinda manja, nyimbo mukuyimba ndi milomo yokha. Ndakuonani. Inenso ndinakhalapo pa benchi imeneyo. Mkwiyo umenewo unandifikitsa pa kachasu, ndipo unatsala pang'ono kundiphera amayi anga.

Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono. Amayi anga, a NyaChirwa, anandilera ndi chinangwa ndi usipa, ndipo mwana wawo ndine ndekha. Chichewa chawo chimathera pa kufunsa mtengo wa mchere pamsika. Ine Chichewa ndinachitola kusukulu ndi m'maminibasi, moti sinodi itatitumizira mbusa watsopano amene anakulira ku Lilongwe, akulu a mpingo analoza ine kuti ndiziwamasulira. Dzina la abusawo sinditchula. Akadali moyo ndipo akutumikirabe.

Amene anandiphunzitsa ntchitoyi ndi Ada Mhone, mkulu wa mpingo amene ankamasulira kale mawu asanayambe kuwathera. Anandiuza kuti womasulira sanena kuti "akuti". Mlaliki akati ndine wochimwa, nawenso uziti ndine wochimwa. Akati ndakondwa, nawenso ndakondwa, ngakhale dzino likukuwawa. Osawonjezera, osachotsa. Ankati womasulira ali ngati paipi ya mjigo, madzi si ake. Lamulo limeneli ndinalisunga kuposa malamulo khumi aja, ndisaname.

Ndinawatumikira abusa aja ndi mtima wonse. Pamaliro ndili pambali pawo, paukwati ndili pambali pawo. Kukwera mapiri kupita ku tinyumba ta mapemphero, chikwama chawo chili paphewa panga. Njinga yamoto ikatitimira mumchenga, wokankha ndine, iwo ali pampando. Kulikonse ankanditchula kuti "mnyamata wanga", ndipo ine ndinkamva kukoma. Paja amati galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Sindinkaganizako kuti mnyamata ndi wachinyamata inde, komanso mnyamata ndi uja amamutuma madzi osamba. Ndinawauza za mumtima mwanga, kuti ndikufuna kukaphunzira ubusa. Anandigwira paphewa n'kunena kuti zimenezo ndizisiye m'manja mwawo, akuluakulu akangondiona kamodzi dzina langa lidzayenda lokha.

Kenako unabwera uthenga woti kuchitika msonkhano waukulu wa mpingo wathu, uja umasonkhanitsa masinodi onse a m'dziko muno. Ulendo umenewo akuluakulu anati achinyamata asamangopita kukayimba kwaya ndi kunyamula mipando, koma presibitale iliyonse itumize wachinyamata amene akakhale pansi ndi kulankhula. Presibitale yathu inapereka mwayiwo ku mpingo wathu. Abusa anandiitana n'kundiuza kuti khomo lija latseguka.

Achinyamata tinasankha mwa njira yathu yakale, yoima pamzere kumbuyo kwa munthu amene ukumufuna. Opikisana tinali awiri, ine ndi Lusungu, mlamu wawo wa abusa, amene anali atangobwera kumene kudzakhala kunyumba ya abusa podikira zotsatira za mayeso. Ngakhale mayina a midzi yathu sankawadziwa. Kumbuyo kwake kunaima ana a kunyumba ya abusa ndi atsikana angapo amene ankakonda nsapato zake. Mzere wanga unatuluka pakhomo la tchalitchi mpaka kukakhota pa mtengo wa mango. Nditacheuka n'kuona anthu onsewo, misozi inalengeza.

Amayi atamva anavina pabwalo. Anagulitsa makaka amene anasunga kuti tidye nthawi ya mvula, n'kukandisoketsera jekete kwa telala ku Chintheche, kuti mwana wawo asakaime pamaso pa abusa a dziko lonse atavala shati yokha. Anauza mudzi wonse, anauza ogula usipa, anauzanso anthu osawadziwa. Akuluakulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Ife tinadala madzi asanapite.

Sabata yolengeza ndinavala jekete ija. Itakwana nthawi ya zolengeza ndinaima malo anga a nthawi zonse, kumanzere kwa abusa. Iwo anati seshoni ya akulu a mpingo yakhala pansi ndipo yapemphera. Ine ndinanena chimodzimodzi m'Chitonga. Anati seshoni yamva zofuna za achinyamata koma yaona patali. Ndinanenanso, osadziwa kumene mawuwo akulowera. Kenako anati, "Ine mbusa wanu ndakondwa kukuuzani kuti amene akayimire achinyamata ndi Lusungu."

Abale, pakamwa panga panayenda pokha. Ndinamva mawu anga akunena kuti ine ndakondwa. Ndinamva mawu anga akutchula Lusungu. Amayi anga anali kumbali ya azimayi, atavala mpango wawo woyera. Chichewa cha abusa sanachimve. Nkhaniyo anaimva kuchokera pakamwa pa mwana wawo, atavala jekete ya makaka awo.

Abusa sanalekere pomwepo. Anaseka n'kunena kuti Fanuwelo ndi mnyamata wanga, ndikamutumiza kutali andimasulire ndani. Amene amamva Chichewa anaseka. Ine ndinamasulira, ndipo okalamba nawo anaseka. Ndinasekedwa kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo ndinawaseketsa ndekha. Achinyamata aja amene mzere wawo unakhota pa mango anawomba m'manja. Palibe ndi m'modzi yemwe amene anadzuka kufunsa kuti nanga tinaimiranji padzuwa paja.

Titatuluka ndinawatsatira abusa kuchipinda cha akulu a mpingo. Anandiuza kuti msonkhano ngati umenewo umafuna munthu wa Chingerezi chosalala, ndipo nthawi yanga idzakwana. Tonse awiri tinkadziwa kuti msonkhanowo suchitika chaka ndi chaka, ndipo pofika wotsatira ndidzakhala nditapyola zaka za achinyamata. Nditafunsa za sukulu ya ubusa, anati tiona. Akulu a mpingo onse anali momwemo. Wina ankayang'ana nsapato zake, wina ankatsegula Baibulo mozondotsa. Ada Mhone, amene anandiphunzitsa kuima pagome, ankangotembenuza chipewa chawo m'manja.

Za kugwa kwanga sindichedwapo, chifukwa kutsetsereka sikufuna luso. Sabata yotsatira sindinapite kutchalitchi. Ndinalowa gulu la asodzi a ukonde wa chilimira. Kachasu woyamba anandipatsa akuti ngochotsa kuzizira. Wachiwiri ndinagula ndekha. Posakhalitsa ndinasiya kudikira kuzizira. Kuseri kwa matandala oyanikapo usipa kuli malo amene amatcheza kachasu, ndipo kumeneko n'kumene kunasanduka tchalitchi changa.

Choipitsitsa n'chakuti mphatso yanga ndinapita nayo komweko. Ndinkakwera pa bwato lovundikira n'kumalalikira. Ndinkaima mbali iyi kukhala abusa, ndi mawu awo enieni ndi katsokomoledwe kawo, kenako n'kudumphira mbali inayo kukhala womasulira, koma ndikumasulira zolaula. Anthu ankagwa nazo kuseka, ndipo malipiro anga anali kapu. Nyimbo za Mgonero ndinaziika mawu a kumowa. Jekete ija inathera komweko, ndipo ndinkaiona ikudutsa pamsewu itavalidwa ndi wogula nsomba wa ku Mzuzu. Seshoni inandidula mumpingo, ndipo ndinamva kuti polengeza anachita kupeza mphunzitsi wina kuti amasulire.

Tsiku lina masana, tili pa mowa pomwepo, wailesi inayamba kuwerenga nkhani za mpingo, za abusa amene asamutsidwa ndi amene apatsidwa maudindo. Ndinamva kuti abusa anga aja akwezedwa, akupita kulikulu la sinodi kukayang'anira nthambi ya achinyamata. Ya achinyamata, abale. Ndinamvanso kuti Lusungu anasankhidwa mu komiti ya achinyamata ya dziko lonse, ndipo dzina lake lapita ku sukulu ya ubusa. Ndinaseka mpaka kusanza. Tsiku limenelo ndinamwa kuti ndife, koma ndinangodzuka mumchenga ntchentche zili pakamwa.

Nthawi yonseyi ndinkadziuza kuti ndikuwalanga. Ndinkati aone chimene anachita. Koma iwo ankadya bwino ku Mzuzu. Amene ankaona anali amayi anga. Ndinkawabera chinangwa chimene anaviika, ndinagulitsa poto wawo wamkulu, ndinawatukwana pamaso pa anzawo. Sanandikalipire n'kamodzi komwe. Ankangondisiyira kondowole atavundikira, kaya ndibwera kaya sindibwera. Anasiya kukhala kutsogolo kutchalitchi. Anaonda, nsalu n'kumawazungulira kawiri. Ine ndinkaziona zonsezi ndipo ndinkati nawonso ndi mlandu wa abusa.

Tsopano mundilole ndiyende pang'onopang'ono.

M'mawa wina ndinadzutsidwa ndi a NyaBanda, oyandikana nafe nyumba. Anandipeza pansi pa thandala, n'kundimenya ndi patapata. Anati amayi agwa kudambo kumene amaviika chinangwa, ndipo anthu awatengera kale kuchipatala pa njinga. Ndinathamanga mmene ndinalilimo, wopanda nsapato, shati yong'ambika, mamba a usipa ali m'tsitsi, fungo la dzulo likunditsogolera.

Kuchipatala kwathu kuja kuli bambo wina wa konkuno amene amathandiza kumasulira, koma tsiku limenelo anali atapita kumidzi ndi a sikelo ya ana. Amene analipo anali anesi atsopano, mayi wa ku Ntcheu, amene Chitonga ankangodziwa yewo basi. Amayi anali atatsitsimuka, atawagoneka pa bedi, nkhope atalozetsa kukhoma. Anesi anatulukira pakhomo n'kufunsa ngati pali amene amamva zilankhulo zonse ziwiri. A NyaBanda anandikankhira m'kati. Anesi anandiyang'ana kuyambira kumapazi, anakwinya mphuno, koma analibe wina. Sanadziwe kuti ndine ndani. Anangondiyesa chidakwa chodutsa.

Ndinaima kumanzere kwa bedi, ngati kale. Anesi anafunsa chimene chikuwawa, amayi anayankha, ndipo chizolowezi chinabwerera chokha. Ndinayamba kunena kuti mutu ukundiwawa kunkhongo kuno, maso amachita mdima ndikawerama, sindigona tulo. Anesi anawamanga chopimira pamkono, anayang'ana, anapimanso kachiwiri. Anati magazi akuthamanga moopsa, ndipo munthu akafika pamenepa akhoza kufa ziwalo kapena kungopita. Kenako anawagwira dzanja n'kufunsa kuti agogo, chikukusowetsani tulo n'chiyani.

Amayi sanatembenuke. Anayankha ali chiyang'anire kukhoma.

"Mwana wangu watindibaya."

Anesi anadzidzimuka, chifukwa anaganiza kuti amva. Anaika cholembera pansi, n'kuyamba kuwavundukula nsalu kufunafuna mabala pamsana ndi m'nthiti. Ankafunsa kuti akukubayani ndi chiyani, ndi mpeni kapena ndi chitsulo, ndipo anati nkhani imeneyi njofunika apolisi. Amayi sankamva chimene akufunsidwa. Ine ndinali chiimire. Ndinamasulirapo maulaliki a maliro a ana, ndinamasulira kulandidwa mwayi kwanga komwe osaphethira, koma apa mawu anakana kutuluka.

"Achimwene, mwangoima bwanji? Masulirani."

Ndikanatha kunama. Ndikanati akunena za mwana wa mchemwali wawo, kapena akubwebweta ndi matenda. M'chipindamo munalibe wondigwira bodza. Koma ndinamva mawu a Ada Mhone m'khutu, osawonjezera, osachotsa. Ndinawauza anesi kuti asavutike kufuna mabala. Ndinati kwathu kuno kubaya si kwa mpeni kapena kwa jakisoni ngati kwanu. Kwathu kubaya ndi kupha.

"Mwana wanga akundipha," ndinatero.

Amayi atamva kuti mawu awo adutsa, anapitiriza. Sindinawamvepo akulankhula motalika chotero. Iwo ankanena, ine n'kumatsatira pambuyo, chiganizo ndi chiganizo, ndikunena kuti ine.

"Ndinabereka m'modzi yekha. A kutchalitchi anamulanda mpando, zinandiwawa, koma ndinkadya ndipo ndinkagona. Koma iye mwini wandilanda mwana. Ndikamva kuti nyanja yalavula munthu, ndimathamanga kukaona nkhope. Kufa sindikuopa. Ndikuopa kuti tsiku la maliro anga adzakwera pa bwato n'kumaseketsa anthu, ndipo sipadzakhala wonditsekera maso."

Ndinanena zonsezo, abale, m'Chichewa chomveka bwino. Sindinachotse kanthu.

Anesi anali atakwiya. Anafunsa kuti mwana ameneyo ali kuti, akufuna amuone ndi maso awo. Funso limenelo silinafune kumasulira kwa amayi.

"Ndine," ndinatero.

Anesi anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti anditukwane, ndipo zikanandipepukira. Iwo anangotsegula kabati, n'kutulutsa kachidutswa ka sopo, n'kundipatsa.

"Mjigo uli kuseriko. Kasambeni, mubwere mudzawadikirire mayi anu."

Musaganize kuti kumwamba kunatseguka. Ndinasamba, ndinabwerera, ndinakhala pansi pafupi ndi bedi, ndipo pofika madzulo thupi lonse linkafuna kachasu ngati mwana wofuna bere. Manja ankanjenjemera moti sindikanatha kuwamwetsa amayi madzi osawathira. Anesi aja ndi amene anandiuza kuti kusiya mowa nakonso ndi matenda, ndisachite manyazi, ndipo anandionetsa kwa adokotala. Ndikukuuzani zimenezi chifukwa ena mumaganiza kuti pemphero likaperekedwa ndiye kuti chipatala n'chosafunika. Ine ndinafuna zonse ziwiri.

Amayi atatuluka, ndinapita kwa Ada Mhone. Sindinapite kukalapa ayi, ndinapita kukawakalipira. Ndinawapeza akusoka ukonde, ndipo ndinawauza zonse zimene ndinasunga, kuti anandiphunzitsa kunena zoona koma iwo anakhala chete ngati nsomba. Anandisiya mpaka mawu anandithera. Kenako anavomera. Anati m'seshoni muja onse ankadziwa kuti n'zolakwika, koma aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe, ndipo iwo anaopa chifukwa mdzukulu wawo ankafuna chikalata cha abusa cha kusukulu. Anati, "Tinakugulitsa, mwana wangu, ndipo tinakugulitsa motchipa." Mwa anthu onse amene anali m'chipinda chija, ndi iwo okha amene ananenapo mawu amenewo mpaka lero. Sanandichiritse, koma kuyambira pomwepo ndinasiya kudziyesa wamisala.

Anandipatsa singano ya ukonde n'kunena kuti ndikhale pansi. Gulu la chilimira ndinalisiya, osati chifukwa usodzi ndi tchimo, koma chifukwa anzanga a mowa anali komweko ndipo ine ndinali wofooka. Njira yodutsa kumatandala ndinaisiya, ndinkazungulira kumsewu ngakhale kunali kutali. M'mawa ndinkayamba ndadya ndisanatuluke, chifukwa ndinaona kuti njala ndi mkwiyo zikakumana zimanditengera malo amodzi. Masiku a odwala ambiri ndinkapita kuchipatala kuja kukamasulira agogo kwaulere, ndipo kumeneko n'kumene ndinaphunzira kuti pakamwa pangapa pakhozabe kugwira ntchito yabwino. Mankhwala a amayi ndinkawapatsa ndine, ndipo tsiku lokapimitsa ndinkawaperekeza ndine.

Ndinagwanso kamodzi, nthawi ya gule wa chilimika, chaka chitangoyamba. Ndinakumana ndi mnzanga wakale, ndipo sindinakane. Kusiyana kwake n'kwakuti tsiku lomwelo ndinakawauza amayi ndi Ada Mhone ndi pakamwa panga, mphekesera isanafike. Mowa umakonda chinsinsi. Ukauulula umachepa mphamvu.

Kubwerera mumpingo kunali kowawa kuposa kusiya mowa. Ndinalowa kalasi ya obwerera, ndinakhala pa benchi imodzi ndi ana amene ndinawaphunzitsa Sande sukulu, ndipo amene ankatifunsa mafunso ndi akulu a mpingo omwe aja ankayang'ana nsapato. Palibe amene anafunsa chimene chinandigwetsa. Mpingo uli ndi kalasi ya munthu amene waledzera, koma ulibe kalasi ya seshoni imene yanama. Ndinameza malovu n'kukhalabe, chifukwa ndinazindikira kuti tchalitchi chija njerwa zake anaumba ndi amayi anga, si cha abusa aja.

Atandibwezeretsa mumpingo, ndinapempha mbusa watsopano ndi seshoni zinthu ziwiri. Ndinati achinyamata akasankha munthu, dzina lilengezedwe pomwepo anthu akadali pamzere, ndipo ngati seshoni ikukana, ibwere idzanene chifukwa chake pamaso pawo. Ndinatinso womasulira asamaimikidwe kulengeza nkhani yokhudza iye mwini asanauzidwe. Chachiwirichi anavomera msanga. Choyambacho tinakangana nacho miyezi, ndipo Ada Mhone ulendo uno analankhula. Achinyamata amene muli pano, mukaima kumbuyo kwa munthu padzuwa, mudzaimenso kumbuyo kwake tsiku limene akumulanda mwayi. Kuwomba m'manja kwanu kuja kunandipweteka kuposa mawu a abusa.

Zaka za achinyamata ndinapyola. Ku msonkhano waukulu sindinapiteko ndipo sindidzapitako ngati wachinyamata. Ubusa sindinaphunzire. Lusungu ndi mbusa tsopano, ndipo ndimamva kuti amalalikira bwino. Ndikanena kuti sizindiwawa ndiye kuti ndikunama m'nyumba ya Mulungu. Zimandiwawa.

Chaka chatha abusa aja anabwera kwathu pa msonkhano wa achinyamata a presibitale, pa galimoto ya sinodi. Atangotsika anafunsa kuti mnyamata wanga uja ali kuti. Ndinaima kumanzere kwawo. Analalikira kuti achinyamata si mpingo wa mawa koma wa lero, ndipo tsoka kwa mtsogoleri amene atsekera wachinyamata khomo. Ndinamasulira liwu ndi liwu, mpaka tsoka lomwelo. Mumtima ndinkati mwina akudzinena, mwina tikatuluka andiitanira pambali.

Anandiitaniradi pambali. Anandigwira paphewa ngati kale, n'kunena motsitsa mawu kuti anamva zonse zimene zinandichitikira.

"Waona tsopano? Seshoni ija inaona patali. Tikanatumiza iwe, bwenzi utatichititsa manyazi."

Abale, dzenje anakumba okha, ndipo kugweramo kwanga kunasanduka umboni wawo. Ndinawachotsa dzanja paphewa panga. Ndinawauza kuti kumwa ndinamwa ndekha ndipo ndinalapa, koma kundinamiza anandinamiza ndi iwo, ndipo zimenezo zikuwadikira. Ndinawauzanso kuti dzina langa ndi Fanuwelo Manda, ndipo mnyamata wawo akamufune kwina. Anaseka pang'ono ngati ndanena nthabwala, n'kupita kukadya. Mpaka lero sanapepese. Ndimawapempherera, koma ndimachita kukukuta mano, ndipo Chiuta akudziwa.

Nditachoka pamenepo miyendo inanditengera yokha kunjira ya kumatandala. Ndinafika mpaka pomwe fungo limayambira. Ndinamva anzanga akale akuseka, wina n'kundiitana kuti abusa bwerani mutilalikire. Ndinali ndi chifukwa chabwino chomwera kuposa tsiku lina lililonse. Koma ndinakumbukira kuti m'mawa mwake linali tsiku lokapimitsa amayi. Ndinadzifunsa kuti ndikamwa kapu imeneyi, amene agwe kudambo ndi ndani, abusa kapena a NyaChirwa. Ndinabwerera, n'kuzungulira kumsewu.

Inu amene mwapinda manja kumbuyoko, sindikukuuzani kuti amene anakulakwirani adzabwera kudzagwada. Anga sanabwere. Sindikukuuzaninso kuti zinali bwino. Zinali zoipa, ndipo muzinene kuti zinali zoipa, kwa munthu wamoyo, masana, muli bwinobwino. Koma kapu imene mukumwa kuti muwalange sifika kwa iwo. Pali wina kwanu amene akukusiyirani chakudya atavundikira. Imafika kwa ameneyo.

M'mawa mwake, tsiku lokapimitsa lija, ndinawakweza amayi pa njinga kupita kuchipatala. Anesi a ku Ntcheu aja akadalipo, ndipo Chitonga ayamba kuchithyolathyola. Anawamanga chopimira, anayang'ana, anagwedeza mutu kuti zili bwino. Ine ndinaima kumanzere kwa bedi kudikira ntchito yanga. Koma anesi sanandiyang'ane. Anawerama kwa amayi, n'kuwafunsa okha, akumwetulira, ngati mwana uja akuwabayabe.

Amayi ananditembenukira. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, osafulumira, ngati akusankha nsomba pamsika.

"Awa," anatero.

Kwathu awa ndi ayi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimasulire, koma anesi anakweza dzanja kundiletsa. Anati amva.